Mazira Amene Anadikira Maliro

Tiyamike mwana wanga, tsiku lija ndinabwera kudzaona khanda lako unandiseka. Unati, "Amayi, anthu akalandira mwana amayamba kuona nkhope, inu mukuyambira kumsana ngati mukugula nkhuku." Ndinaseka nawe, koma sindinayankhe chifukwa m'chipindamo munali anthu. Tsopano popeza ntchito ndinapuma ndipo maso akadaonako, ndati ndilembe, kuti iwe ndi achimwene ako a Madalitso mudziwe kumene ndinatenga chizolowezi chimenechi. Sukulu yanga inathera ku pulayimale, ndiye mukapeza polakwika muzingodumpha ngati chithaphwi.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Ntchito ndinaipeza Mada ali kumsana. Tinkakhala kwawo kwa bambo anu, kufupi ndi Kaluluma, ndipo chaka chimenecho fodya anatigwiritsa fuwa lamoto, mabelo ena anakanidwa kumsika. Ndiye bungwe lina linakumba madamu a nsomba m'dambo la kumunsi kwa mudzi, n'kumanga shedi ya malata yoswetseramo mazira a mlamba, kuti alimi azipeza mbewu ya nsomba pafupi. Ananditenga kuti ndizitsuka mabeseni ndi kutunga madzi. Ndinali munthu wamantha, muzimve zimenezi. Mada asanabadwe ndinapitapo padera, mimba itakula kale, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chinkandidzidzimutsa. Mwana akagona nthawi yaitali, ine chala pamphuno pake. Akatsokomola kamodzi, ine nsalu ndamanga kale. Maso anga sankapuma, ndipo mwina n'chifukwa chake abwana athu, a Mwale, anandichotsa pa zotsukatsuka n'kundiika pa mazira. Ankati, "Make Mada amaona chinthu chisanachitike."

A Mwale anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, woyenda pa njinga yamoto yokhosomola kuposa Mada. Wachiwiri wawo, kapitawo wathu, anali a Zgambo, munthu wamkulu kale, wanthabwala, amene akakana chinthu ankati "yayi" ngati akutseka chitseko. Zipangizo zinali zopereweraperewera. Neti yoyalapo mazira inali ya udzudzu, yogula kwa a Twaibu a pa golosale, amene mlamba sankadya koma tsiku lililonse ankafunsa kuti, "Ana anga aja ali bwanji?" Chotakasira chinali nthenga ya nkhuku. Chamtengo wapatali chinali chimodzi, galasi lokulitsa zinthu, limene a Mwale ankalisunga m'sokosi.

Ntchito yake inali yotere. Madzulo nsomba yaikazi yokhwima ankaibaya jakisoni, n'kuigoneka m'bafa. Usiku wonse mazira amamasuka m'mimba mwake. M'mawa umaigwira ndi nsalu yonyowa, kuiphimba maso, n'kusisita mimba ndi chala chachikulu pang'onopang'ono, mazira n'kumatsikira m'mbale, obiriwira, owala. Kumeneko tinkati kukama. Ukatero umathirapo mbewu ya nsomba yaimuna, kutakasa ndi nthenga, kuthira madzi, n'kuyala paneti. Tsiku loyamba a Mwale atandipatsa galasi lija ndinatsala pang'ono kuligwetsa. Dzira laling'ono ngati njere ya mpiru, koma m'kati mwake kachinthu kakugawikana, kawiri, kanayi, popanda dzanja loligawa. Mawa lake m'dzira lomwelo munali kamchira kakugwedezeka, ndi kadontho kakugunda. Ndinafunsa kuti, "Bwana, chikugundachi n'chiyani?" Anati, "Mtima." Ine mayo! Dzulo lomweli chinali m'mbale ngati phala, lero chili ndi mtima. Ndinapita kuseri kwa shedi, ndinamasula Mada, n'kuika khutu pachifuwa pake.

Dzinja la chaka chachitatu

Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pako, Tiyamike, mimba itayamba kuonekera. Madzulo ena a Mwale anabaya nsomba zazikulu zingapo, chifukwa alimi ambiri anali atakumba madamu ndipo ankadikira mbewu. Iwo anali ndi msonkhano kuboma, ndiye anatisiyira mawu akuti, "Dzuwa likangotuluka, kamani." M'bandakucha tinamva kulira kumtunda kwa mudzi. Anali atatisiya agogo ena, azakhali awo a theka la mudzi wonse. Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu: maliro akagwa, khasu siligwira munda, fodya sathyoledwa ngakhale atapsa, amuna kumanda, akazi kusiwa ndi kumadzi. Ndinakumana ndi a Zgambo panjira atanyamula khasu ndi fosholo, popeza anali m'gulu la adzukulu, okumba manda.

Ndinati, "A kapitawo, nanga nsomba zija?"

Anaima, nati, "Yayi, make Mada. Ukufuna anthu atione tikukama nsomba mtembo uli m'nyumba? Tsiku lako likadzafika adzakukumbira ndani, milamba?"

Ndinati, "Koma abwana anati m'mawa."

Anati, "Mazira ali m'mimba mwa make. Padziko pano pali malo osungika kuposa pamenepo? Wakoyo wamusunga kuti, m'beseni?" Analoza mimba yanga ndi mpini wa khasu. Ndinaseka, ndipo kunena zoona mawuwo anandikhazika mtima pansi. Ndani akanatsutsa? Tonse tinapita kumaliro.

Tinabwerako dzuwa litapendeka kwambiri. Mazira anatuluka mosavuta, ochuluka, mwina mosavuta kwambiri, ngati amangodikira kukhudzidwa. Ndinaona kuti anali amadzimadzi, osawala ngati masiku onse, koma ndinati mwina ndi kuwala kwa madzulo. Ndinakama ndine, ndinatakasa ndine, ndinayala ndine. Mawa lake neti inali mbuu, mazira ambiri atayera, kusonyeza kuti afa. Otsalawo ataswa, ndinatenga galasi. Ana anga, chimene ndinaona sindidzachiiwala. Kansomba kena kopindika ngati mbedza. Kena mchira wokhota ngati zenga, kakungozungulira malo amodzi, kuzungulira, kuzungulira, osapita patsogolo. Kena mimba yotupa, mutu wophwanyika. Tonse tamoyo, mitima ikugunda bwinobwino, koma misana yolakwika. Ndinayang'ana nthawi yaitali, sindinkatha kuchotsa diso, ndipo iwe unasuntha m'mimba.

A Mwale atafika anafunsa nthawi imene tinakama. Titawauza, anangoti "Mhm," n'kuvula chipewa. Sanakalipe, maliro sakalipirapo munthu. Koma a Zgambo anati, "Bwana, ine ndinkangokhala chete. Kwathu munthu wapakati sagwira mbewu. Manja ake ndi otentha." Sankanena mwanjiru ayi, ankakhulupirira ndithu. Pofika madzulo nkhani inali itafika kale kwa agogo anu, apongozi anga, ndipo itafika inali itatembenuka. Iwo za nsomba analibe nazo ntchito.

Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Make Mada, akuti wakhala ukuyang'anitsitsa zopunduka?"

Ndinati, "Ndi ntchito, amayi."

Anati, "Ntchito! Suja amakuuzani kuti wapakati sayang'anitsitsa chopunduka, saseka wolumala? Chimene diso lameza, mimba imaumba. Wina unataya kale. Uyu ukufuna abwere atapindika ngati mbedza? Kudambo kuja usapondekonso."

Ndinapita kuchigafa kumene bambo anu ankasoka fodya. Sanakweze mutu. Anati, "Mverani amayi. Akadzabadwa choncho, ine ndidzawauza chiyani anthu?" Masiku amenewo chakudya sichinkatsika. Ndikagona, ndinkapapasa mimba kufunafuna msana wako, ngati munthu angaupeze ndi manja kunja kwake. Ndikatseka maso ndinkaona kansomba kaja kakuzungulira.

Sabata yotsatira

Ndinapita kushedi kukatsanzika, n'kuima pakhomo osalowa. A Mwale anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Make Mada, ine ndikuganiza kuti si manja ako. Ndikuganiza kuti mazira anakhalitsa. Akamasuka m'mimba amayamba kukalamba, ngakhale ali mwa make. Koma zimenezi ndikanena ine, a Zgambo adzati bwana akuikira kumbuyo wantchito wake, ndipo iwe udzapita kunyumba ndi mantha ako. Pali njira yoonera. Titenge nsomba imodzi. Ukame theka m'mawa, theka tilisiye momwemo mpaka madzulo, ukamenso iwe yemwe. Mayi mmodzi, bambo mmodzi, madzi amodzi, manja amodzi. Ngati ndi manja ako, mabeseni onse awiri aonongeka. Sindikukakamiza. Ukakana, malo ako ndikusungira mpaka udzachire."

Ndinabwerera kunyumba ndikulingalira. Ndinkati, ndikakana ndikhala pamtendere ndi apongozi, koma miyezi yotsalayi ndidzaigona bwanji, osadziwa ngati m'thupi mwanga muli chinthu chopinda misana? Ndikavomera, ndiye ndagwiranso, ndayang'ananso, ndipo mabeseni onse akaonongeka ndiye kuti ndadziwa, ndipo kudziwako ndidzakunyamula bwanji? Ndinazungulira nazo ngati kansomba kaja. Potsiriza ndinaona kuti mantha osadziwa anali atandidya kale theka. Ndinapita kukagwada kwa agogo anu, ndinawauza zonse.

Anati, "Wakula eti? Pita. Koma mwana akadzabadwa wopindika, ukamlerera kwanu. Pano ayi."

Ndinati, "Ndamva, amayi." Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

M'mawa wa tsikulo nsomba inandipulumuka m'manja, a Zgambo n'kuigwira ndi mawondo. Anati, "Waona? Nayonso ikukudziwa." Ndinakama theka, tinaibwezera m'bafa. Mbewu ya yaimuna yotsala a Mwale anaiika m'kabotolo, n'kukamiza mumtsuko wa madzi ozizira. Beseni la m'mawa linali lofiira, la madzulo lobiriwira. Madzulo ndinakama otsala, ndipo chala changa chinamva chokha kusiyana, anali ofewa, amadzimadzi, ngati a tsiku la maliro lija. Ndinasamba m'manja n'kupita.

Tsiku loswa ndinafika ndisanadye kanthu. Ndinaima pakhomo. A Zgambo anali atawerama kale pa beseni lofiira, galasi lili m'manja. Ndinati, "A kapitawo, nenani." Anangopitiriza kuyang'ana m'besenimo. Ndinati, "Nenani, chonde, ndifa ine." Anangonditambasulira galasi. Pansi pa beseni lofiira panali bii, timichira tambirimbiri, towongoka ngati singano, tonse tikugwedezeka pamodzi ngati udzu wa m'dambo mphepo ikamadutsa. Ndinafunafuna kopindika, ndinapeza kamodzi kapena tiwiri basi. Ndinapita pa beseni lobiriwira. Neti yoyera ndi mazira akufa, ndipo pansi timbedza tija, tikuzungulira. Ndinayang'ana manja anga, kuseri ndi kuno. Manja omwewa. Mayi yemweyo ali phee m'bafa, akugwedeza ndevu. Chosiyana chinali dzuwa lokha, kuchoka uku kufika uku. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kuyamba kulira, ndipo sindikudziwa ngati kunali kulira kwa chimwemwe kapena kwa kuopa. Ndinkangoganiza kuti, kani nthawi imalowa m'kanthu kakang'ono chonchi? Imalowera pati, poti dzira lilibe khomo?

A Zgambo anakanda m'mutu. Anati, "Ndiye kuti ndine ndinazipinda, ndi khasu langa lija." A Mwale anati, "Palibe anazipinda. Maliro sadikira, mazira sadikira, zinangokumana tsiku limodzi."

Tili pomwepo tinamva kutsokomola panja. Anali agogo anu, khasu paphewa, akuti amapita kudimba, ngakhale dimba lawo linali mbali ina. A Mwale anawalonjera mwaulemu n'kuwapatsa galasi. Analigwira ngati lotentha. Anayang'ana beseni lofiira, anayang'ana lobiriwira, anabwereranso ku lofiira. Anati, "Zonsezi wagwira ndi uyu?" A Zgambo anati, "Ine mboni, amama." Kenaka anati, "Ndi mbande iyi. Mbande ikakhalitsa panazale, ngakhale mbewu ikhale yabwino bwanji, ukaiokera imathamangira maluwa, masamba atatu basi." Anabweza galasi, anandiyang'ana, nati, "Dzuka pamatopepo, uzizidwa. Koma mlamba usadye mpaka uchire."

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Manja anga anamasuka, inde, koma maso anali ataona kale, ndipo mawu aja akuti chimene diso lameza mimba imaumba palibe beseni likanawayesa. Kuwonjezera apo iwe unachedwa, masiku amene anandiuza kusikelo anadutsa, ndipo ine n'kumati, mayo, akukhalitsa, akukalamba momwemo ngati mazira aja. Unabadwa fodya atatha m'minda, m'mawa, pachipatala chaching'ono. Anamwino anati, "Mtsikana, mayi, taonani nkhope." Ine ndinati, "Mutembenuzeni." Anati, "Mwati bwanji?" Ndinati, "Mutembenuzeni, chonde." Anakutembenuza. Ndinayendetsa chala kuchokera pakhosi, timafupa ngati mikanda, kamodzikamodzi, mpaka kumunsi. Mzere woongoka. Ndinabwereza. Agogo anu atalowa sanafunse kuti ndi mwana wanji, anangokunyamula, n'kuona nawonso kumsana, n'kuyamba kuimba nthungululu.

Zaka za pakati

Kuyambira pamenepo tinapangana ndi akuluakulu a m'mudzi kuti maliro akagwa nsomba zitabayidwa, munthu mmodzi azithamangira kushedi kaye, kenaka n'kubwera kusiwa, ndipo palibe womunena. Anapita kukapempha zimenezi ndi a Zgambo eni ake. Ife kumbali yathu, ndiwo za pamaliro tinkathandizako. Patapita zaka a Mwale anasamutsidwa, kunabwera mabwana ena, wina wabwino, wina wongokhala muofesi. Panali zaka zopanda mafuta a pampu, tinkatunga ndi ndowa. Panali chaka chimene dambo linauma mpaka tinasunga nsomba zoberekera m'chitsime. Kenaka ananditumiza ku shedi yatsopano cha ku Simlemba kukaphunzitsa ena kukama. Aliyense wophunzira ndinkamuchititsa za mabeseni awiri zija kamodzi, kuti aone ndi maso ake. Koma wina akandifunsa kuti kwenikweni chimasintha n'chiyani m'dziramo, ndinkangoti, "Limakalamba." Funso langa lija, loti nthawi imalowera pati, ndinakhala nalo mpaka imvi.

Chaka chomaliza ndisanapume

Kunabwera mtsikana wophunzira ku yunivesite, dzina lake Temwa, atanyamula bokosi la madzi oundana ndi timabotolo tating'ono ngati chala. Ankafuna ndimukamire nsomba imodzi pang'onopang'ono, m'mawa, masana, madzulo, iye n'kumatsekera mazira m'timabotolo. Ndinaseka. Ndinati, "Mwana wanga, zimenezi ndinazichita iwe usanabadwe." Ndinamufotokozera za maliro aja, iye kumvetsera pakamwa pali yasa. Ndiye ndinamufunsa funso langa.

Anaganiza kaye. Anati, "Amayi, mumaimba kutchalitchi?"

Ndinati, "Ndine wa mawu achiwiri."

Anati, "M'dzira lililonse muli ngati buku la nyimbo, lochokera kwa makolo. M'menemo mwalembedwa zonse, msana, maso, ndevu. Dzira la m'mawa ndi la madzulo buku ndi limodzi, palibe liwu lasintha. Koma mukudziwa mmene otsogolera kwaya amalembera ndi pensulo m'mbali: ndime iyi tiimbe, iyi tidumphe, apa mokweza, apa motsitsa? Dzira nalonso lili ndi timazizindikiro totero pamwamba pa mawu ake. Likamadikira, timazizindikiroto timayamba kusuntha, tina kufufutika, tina kugwera pamene sipayenera. Ndiye nthawi youmba msana ikafika, mawu onse alipo, koma oimba akulowa nthawi yolakwika."

Ndinamva tsitsi kuimirira. Ndinakumbukira buku langa la nyimbo limene linanyowapo ndi mvula, pensulo yonse kufufutika, ine n'kuimba ndekha ndime imene anzanga anaidumpha. Ndinati, "Ndiye timazizindikiroto amalemba ndani?" Anaseka, nati, "Thupi la make limalemba dzira likamakula. Koma zambiri sitikuzidziwa, amayi, n'chifukwa chake ndabwera ndi timabotoloti." Ndinatenga dzira limodzi pansonga ya nthenga, ndinaliyang'ana padzuwa. Zaka zonsezi ndinkatsuka zotsalira m'mbale ndi madzi, osadziwa kuti ndikutsuka mabuku.

Kenaka ndinafunsa chimene chinali pansi pa mtima. Ndinati, "Nanga mwana wa munthu akachedwa kubadwa?" Anandigwira dzanja. Anati, "Imeneyo ndi nkhani ina, amayi. Ife tikunena dzira lisanakumane ndi mbewu ya bambo. Ndipo kuyang'ana nsomba sikungapinde mwana." Ndinati, "Ukanabwera kale, mwana iwe." Anati, "Ndinali ndisanabadwe, mwanena nokha."

Ndiye ndi zimenezo, Tiyamike. Mutu wanga unamva zonse, ndipo ukudziwa kuti palibe choopa. Koma chala ichi sichinapite kusukulu. Mukadzabwera pa Khirisimasi, usandipatse mwanayo chakumaso. Undipatse chafufumimba, ndiyende ulendo wanga kuchokera pakhosi mpaka kumunsi, kenaka nkhope ndidzaiona. Ndipo iwe mwini usakhale patali, chifukwa msana wako ndinauyendera komaliza uli kusekondale.